Sisitimu ikatsekedwa mwadala: mmene khonsolo imatetezera zolembedwa za anthu

Munthu amene wayenda mtunda wautali, kaya pa kabaza kaya wapansi, kudzalipira laisensi ya bizinesi ku khonsolo sakondwa akauzidwa kuti adikire chifukwa sisitimu yatsekedwa. Ena amaganiza kuti kalaliki watopa ndipo akufuna kuweruka msanga. Ena amafika pokayikira kuti mwina pakufunika kangachepe kuti athandizidwe. N'zoona kuti nthawi zina chovuta chimakhala magetsi kapena netiweki, koma ilipo nthawi ina pamene sisitimu imatsekedwa mwadala, motsatira ndondomeko, pofuna kuteteza zolembedwa za anthu omwewo amene akudikira pa benchi. Nthawiyo ndi pamene akatswiri a makompyuta amapempha ogwira ntchito onse kuti atuluke mu sisitimu, kuti iwo atenge kope la zonse zimene zasungidwamo. Kope limeneli amalitcha backup.

Ntchitoyi imachitikira kuseri, kumene anthu wamba safikako. Komabe ndi imene imathandiza kuti ndalama zimene wamalonda walipira lero zidzapezekebe m'mabuku chaka chamawa, ngakhale makina atapsa kapena kubedwa.

Zimene zimasungidwa m'makina

Kuyambira m'chaka cha 1998, pamene dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ntchito zambiri za boma zakhala zikusamutsidwira ku makhonsolo. Pa makhonsolowa pali a maboma 28, a mizinda 4, ndi a matauni monga Kasungu, Luchenza ndi Mangochi. Khonsolo imatolera misonkho ya m'misika, imapereka malaisensi, imalipira makontirakitala omanga midadada ya sukulu ndi milatho, ndiponso imayendetsa ndalama zochokera ku boma lalikulu. Kale zonsezi zinkalembedwa m'mabuku akuluakulu ndi m'mafayilo a mapepala. Masiku ano mbali yaikulu ya kayendetsedwe ka chuma imalowetsedwa mu sisitimu ya IFMIS.

Palinso zolembedwa zina zokhudza moyo wa anthu m'midzi. Maina a mabanja olandira Mtukula Pakhomo, pulogalamu imene idayambira ku Mchinji mu 2006, amasungidwa m'makompyuta. N'chimodzimodzinso kaundula wa chiphaso cha unzika, momwe mudalowa anthu oposa 9 miliyoni pa kalembera wa 2017, komanso malipoti amene zipatala zimatumiza mwezi ndi mwezi kudzera mu sisitimu ya DHIS2. Zina mwa zimenezi zimasungidwa ku likulu osati ku khonsolo, koma mfundo zozitetezera ndi zofanana kulikonse.

Zolembedwa zoterezi sizikhala mu kompyuta ya pa desiki ya kalaliki. Zimakhala mu kompyuta ina yamphamvu yotchedwa seva, imene imayaka usana ndi usiku m'chipinda chokhoma. M'kati mwa sevayo muli database, yomwe ingafanizidwe ndi nkhokwe imodzi imene anthu ambiri amathiramo ndi kutapamo pa nthawi imodzi. Kalaliki akalemba dzina lake ndi pasiwedi, seva imamutsegulira njira yofikira m'nkhokweyo, ndipo njirayo imakhala yotsegula kufikira iye atatuluka. Pa ola limodzi, wolandira ndalama pa kauntala, wowerengera chuma, wogula katundu wa khonsolo ndi wokonza malipoti onse angakhale ali m'kati, aliyense akusintha zake.

Chifukwa chotengera kope

Makina aliwonse amatha. Disiki imene imasunga zolembedwa ikhoza kufa popanda chenjezo. Mphezi imatentha zipangizo za magetsi, ndipo magetsi ozimazima amaononga makompyuta. Namondwe wa Ana, mu Januwale 2022, adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko lidakhala pa vuto la magetsi kwa nthawi yaitali. Namondwe wa Freddy, mu Marichi 2023, adakokolola nyumba, misewu ndi milatho m'maboma ambiri a m'chigawo cha kummwera. Madzi amene amakokolola mlatho sangalephere kuononga kompyuta imene ili m'chipinda chapansi.

Palinso moto, akuba, ndi achiwembu a pa intaneti amene amaloba makina a eni n'kufuna dipo kuti awatsegule. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti m'dziko muno idaima kwa masabata angapo, ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti sisitimu ya nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka idalowereredwa ndi achiwembu amene ankafuna ndalama. Ovutika adali anthu wamba: ophunzira, odwala ndi amalonda amene maulendo awo adaima.

Kupatula ngozi zikuluzikuluzi, pali kulakwitsa kwa tsiku ndi tsiku. Wogwira ntchito wotopa akhoza kufufuta zimene samayenera kufufuta, kapena pulogalamu yatsopano ikhoza kusokoneza manambala. Madzi akatayika saoleka, ndipo zolembedwa za pa kompyuta zikatayika popanda kope lina, palibe katswiri amene angazikumbukire pamtima. Kope ndilo njira yobwererera pamene zinthu zidali zisanaonongeke. Koma kope lithandiza pokhapokha ngati lidatengedwa molongosoka, ndipo apa m'pamene nkhani yotulutsa anthu mu sisitimu imabwerera.

Buku silikoperedwa wina akulembamo

Anthu amene ali m'magulu a banki m'khonde angaimve msanga mfundoyi. Mlembi wa gulu ali ndi buku limene tsamba lina limaonetsa ngongole za mamembala, ndipo tsamba lina limaonetsa ndalama za m'bokosi. Gulu lagwirizana kuti zonse zikoperedwe m'buku lachiwiri, kuti loyambalo likanyowa kapena kusowa mbiri isatayike. Wokopera wayamba ndi tsamba la ngongole, ndipo walemba kuti mayi wina ali ndi ngongole ya K20,000. Ali m'kati mokopera masamba ena, mayiyo wafika n'kubweza ngongole yonse. Mlembi wafufuta ngongoleyo m'buku loyamba, ndipo pa tsamba la bokosi wasintha K150,000 kukhala K170,000. Wokopera uja akafika pa tsamba la bokosi apeza K170,000, ndipo alemba momwemo.

Buku lachiwirilo tsopano likunena zinthu ziwiri zosagwirizana: ndalama zidalowa m'bokosi, koma mayiyo adakali ndi ngongole. Palibe amene waba, palibenso amene wanama, koma tsiku limene buku loyamba lidzasowe, mayiyo adzauzidwa kuti alipirenso. Wokopera akadayambira tsamba la bokosi, zinthu zikadatembenuka. Ngongole ikadaoneka yobwezedwa koma ndalamazo sizikadapezeka m'buku, ndipo wosakhulupirika akadapeza mpata wozitenga popanda wodziwa. Njira yachidule yopewera zonsezi ndi yoti pasakhale wobweza kapena wobwereka kufikira kukopera kutatha.

Mu kompyuta zimachitikanso chimodzimodzi. Wamalonda akalipira laisensi, seva imalemba m'malo angapo: imasunga nambala ya lisiti, imachepetsa ngongole ya wamalondayo, ndipo imawonjezera ndalama zimene khonsolo yatolera tsikulo. Kulemba kumeneku sikutenga ngakhale sekondi imodzi, koma kukopera fayilo yaikulu kumatenga mphindi zambiri, ndipo m'mphindi zimenezo makalaliki angapo amakhala atasintha zinthu zochuluka.

Pali chinanso chimene sichioneka ndi maso. Seva sithamangira kulemba chilichonse m'fayilo yaikulu. Pofuna kufulumira, imalemba kaye zimene zachitika m'fayilo yapadera yotchedwa log, kenaka n'kumazisamutsira m'fayilo yaikuluyo pang'onopang'ono, m'timasamba ting'onoting'ono. M'mapulogalamu otchuka monga SQL Server ndi PostgreSQL, katsamba kamodzi kamakhala ka makilobaiti 8. Munthu akangokopera fayilo yaikuluyo anthu akugwira ntchito, amatenga timasamba tatsopano tosakanikirana ndi takale, mwinanso kena kolembedwa theka. Choopsa n'choti kope lotere limaoneka labwinobwino. Dzina lake ndi lolondola, kukula kwake n'koyenera, ndipo vuto lake limadzaonekera tsiku limene likufunika, pamene kulibenso kwina kothawira.

Ntchito imatha yonse kapena imabwezedwa yonse

Funso limene anthu ambiri angakhale nalo ndi lakuti: nanga kalaliki akatulutsidwa ali m'kati molemba malipiro a munthu, ndalamazo zimapita kuti? Opanga ma database adaliganizira kale funsoli. Zolemba zonse zokhudza malipiro amodzi zimamangidwa pamodzi ngati mtolo umodzi, umene akatswiri amautcha transaction. Lamulo lake ndi lakuti mtolowo ulowe wonse kapena usalowe n'komwe. Kalaliki akatsiriza n'kudina batani losungira, seva imatsimikiza mtolowo ndipo umakhazikika. Akadulidwa asanatsirize, seva imabweza zonse zimene zidayambika, n'kusiya mabuku monga momwe adalili poyamba.

Izi zimateteza mabuku kuti asakhale ndi zolemba zatheka, koma zili ndi mtengo wake. Wowerengera chuma amene wakhala ola lathunthu akulowetsa mndandanda wa malipiro, akadulidwa asanasunge, ntchito yakeyo ikhoza kutayika ndipo ayenera kuiyambanso. Wolandira ndalama amene watenga kale ndalama m'manja mwa munthu koma sadatsirize kulemba, amatsala ndi ndalama zimene sizili m'mabuku. N'chifukwa chake katswiri wodziwa ntchito yake sangodula anthu mwadzidzidzi. Amatsatira ndondomeko.

Ndondomeko yotulutsa anthu

Choyamba ndi chidziwitso. Ogwira ntchito amauzidwa nthawi ikadalipo kuti sisitimu itsekedwa pa ola lakuti, ndiponso kuti itenga nthawi yaitali bwanji. Nkhanga zidapangana kusanapse. Chidziwitsochi chimapatsa aliyense mpata wotsiriza zimene wayamba, ndipo amene amakumana ndi anthu pa kauntala amadziwa nthawi yolekera kulandira ndalama.

Chachiwiri ndi kutseka khomo kuti ena asalowe. Kutulutsa anthu khomo lili lotsegula n'kutaya nthawi, chifukwa wina akamatuluka wina amalowa, ndipo mapulogalamu ena amadzilumikiza okha akangodulidwa. Mu SQL Server, mwachitsanzo, database imakhala m'makhalidwe atatu. Nthawi zonse imakhala pa MULTI_USER, kutanthauza kuti onse ovomerezeka angalowe. Ikaikidwa pa RESTRICTED_USER amalowa ndi oyang'anira okha, ndipo ikaikidwa pa SINGLE_USER pamatsala njira imodzi yokha, ya munthu mmodzi.

Chachitatu ndi kuona amene adakali m'kati. Seva imaonetsa mndandanda wa maina, makompyuta amene akugwiritsa ntchito, ndi zimene aliyense akuchita. Pamndandandawu pamapezeka kawirikawiri anthu amene adaweruka kale koma adasiya kompyuta ili yoyaka, kapena amene adangozimitsa sikirini poganiza kuti atuluka. Kuchoka pa mpando sikutuluka mu sisitimu. Amene akuoneka kuti ali pakati pa ntchito amaimbiridwa foni kapena kulonderedwa ku ofesi yawo kuti asunge zawo n'kutuluka okha.

Chachinayi, nthawi yopatsidwa ikatha, otsalawo amadulidwa. Kadulidwe kake kali ndi njira zingapo, ndipo pulogalamu ya Oracle ili ndi zinayi zimene zingafanizidwe ndi katsekedwe ka msika. Njira ya NORMAL ili ngati mlonda amene watseka geti lolowera n'kumadikira kuti aliyense atuluke pa nthawi yake, ndipo munthu mmodzi wochedwa akhoza kumugoneka pomwepo. Njira ya TRANSACTIONAL imalola amene ali pakati pa malonda kuti atsirize, kenaka atuluke. Njira ya IMMEDIATE imaimitsa malonda osatsirizika, wogula abwezeredwe ndalama zake, wogulitsa katundu wake, onse n'kutuluka. Njira ya ABORT ili ngati kuzimitsa nyali anthu ali m'kati: imafulumira, koma seva imayenera kuyamba yakonza chisokonezo ikamadzayatsidwanso, ndipo siyenera kugwiritsidwa ntchito pokonzekera kope.

Zikatero, m'nkhokwe mukakhala bata, kope limatengedwa. Likatha limayesedwa ngati likuwerengeka, kenaka khomo limatsegulidwa ndipo ogwira ntchito amadziwitsidwa. Gawo lomalizali limaoneka laling'ono koma ndi lofunika, pakuti katswiri akaiwala kubwezera database pa MULTI_USER, ofesi yonse imalephera kulowa m'mawa mwake, anthu ali pamzere.

Si kope lililonse limene limafuna kutseka

N'koyenera kunena momveka kuti ma database amakono ali ndi njira yawoyawo yotengera kope anthu akugwira ntchito. Pulogalamu yotengera kope imakopera fayilo yaikulu pamodzi ndi mbali ya log imene yalembedwa pa nthawi yokoperayo. Pobwezeretsa, seva imagwiritsa ntchito log kutsiriza mitolo imene idatsimikizidwa ndi kubweza imene idali yatheka. Zili ngati wokopera buku la banki m'khonde atakhala ndi mnzake wolemba pa pepala lapadera chilichonse chimene chachitika iye akukopera, kenaka awiriwo n'kukonza buku lachiwiri molingana ndi pepalalo. Kope lotengedwa motere amalitcha lotentha, pamene lotengedwa database itatsekedwa amalitcha lozizira. N'chifukwa chake mabanki ndi makampani a mafoni satseka ntchito zawo usiku uliwonse, ngakhale amatenga makope kawirikawiri.

Komabe pali nthawi zimene kutulutsa anthu sikungapeweke. Yoyamba ndi pamene zolembedwa zili m'mapulogalamu ang'onoang'ono, monga Microsoft Access, amene amasunga zonse m'fayilo imodzi yogawana ndipo alibe njira yotengera kope lotentha. Yachiwiri ndi pamene kope lakale likubwezeretsedwa, pakuti n'kosatheka kusinthanitsa buku lili m'manja mwa munthu amene akulembamo. Yachitatu ndi pamene pulogalamu ikukonzedwa kapena zolembedwa zikusamutsidwira ku seva yatsopano. Apa kope lomaliza liyenera kukhala ndi zonse, chifukwa chilichonse cholembedwa pa seva yakale kope litatengedwa kale sichidzafika ku yatsopanoyo. Yachinayi ndi potseka mabuku a mwezi kapena a chaka. Kuyambira mu 2022 chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Marichi, ndipo ndi nzeru kukhala ndi kope loonetsa mmene mabuku adalili asanatsekedwe, pamene palibe amene akulembamo.

Nthawi imene ntchitoyi imatenga

Kutalika kwa nthawi kumadalira kukula kwa database ndi liwiro la kumene kope likupita. Database ya magigabaiti 60, ikamakoperedwa ku disiki imene imalandira mamegabaiti 100 pa sekondi, imatenga masekondi 600, omwe ndi mphindi 10. Database yomweyo ikamatumizidwa kutali pa intaneti ya mamegabiti 10 pa sekondi, imatenga maola oposa 13. N'chifukwa chake kope limalembedwa kaye pa disiki yapafupi, sisitimu n'kutsegulidwa, ndipo kutumiza kutali kumachitika pambuyo, anthu akugwira ntchito kapena usiku.

Pofuna kuchepetsa nthawi, makope amatengedwa m'mitundu itatu. Pali kope lathunthu, lokhala ndi zonse. Pali kope la zosintha zokha, limene limatenga zimene zasintha chitengereni kope lathunthu lomaliza, ndipo limakhala laling'ono. Palinso kope la log, limene lingatengedwe kangapo pa ola popanda kusokoneza aliyense. Ofesi ikhoza kutenga lathunthu kamodzi pa sabata, la zosintha madzulo aliwonse, ndi la log masana onse.

Kuchuluka kwa zimene zingatayike kumafanana ndi kutalika kwa nthawi chitengereni kope lomaliza. Ofesi imene imatenga kope Lachisanu madzulo lokha, disiki yake ikafa Lachinayi madzulo, yataya ntchito ya masiku anayi. Malipiro onse a Lolemba mpaka Lachinayi ayenera kulowetsedwanso pamanja kuchokera m'mapepala, ndipo amene alibe pepala loonetsa kuti adalipira amakhala pa mkangano wovuta kuuthetsa. Ofesi imene imatenga kope madzulo aliwonse singataye zoposa za tsiku limodzi. Mphindi zochepa zodikira pa benchi n'zimene zimagula chitetezo chimenechi. Ngakhale zili choncho, khonsolo yosamala za anthu ake imayesetsa kuika ntchito yotseka sisitimu pa nthawi imene anthu ndi ochepa, monga madzulo anthu ataweruka kapena kumathero a sabata, ndi kulengeza pasadakhale ngati kutsekako kugwere m'maola a ntchito.

Kumene kope limasungidwa

Kope losungidwa pa seva yomweyo limafa pamodzi ndi sevayo. Akatswiri ali ndi lamulo losavuta kukumbukira la 3-2-1: zolembedwa zikhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi ofesi. Mlimi wanzeru saika mbewu ya chaka chamawa m'nkhokwe imodzi ndi chakudya, chifukwa moto kapena anankafumbwe akalowa, zonse zimathera limodzi. Kope limodzi liyeneranso kukhala losalumikizidwa ku netiweki, kuti achiwembu akaloba seva asalifikire.

Kope losayesedwa silidalirika. Njira yokhayo yodziwira kuti ndi labwino ndi kulibwezeretsa pa kompyuta ina, nthawi ndi nthawi, n'kuona ngati malisiti ndi manambala akugwirizana ndi a pa seva. Kuyesaku kumaonetsanso kutalika kwa nthawi imene ofesi ingatenge kuti iyambirenso ntchito ngozi ikagwa.

Kope liyeneranso kutetezedwa mofanana ndi seva yeniyeniyo, chifukwa muli maina, manambala a ziphaso, mafoni ndi chuma cha anthu. Disiki yotayika m'minibasi ingaike zinsinsi za anthu ambiri m'manja mwa akuba. Choncho makope amalobedwa ndi pasiwedi, ndipo amasungidwa ndi anthu odziwika. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limapereka udindo kwa aliyense wosunga zolembedwa za anthu kuti azisamale.

Makope alinso mboni. Pa nkhani ya Cashgate ya 2013, kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly adaonetsa kuti ndalama za boma zoposa K13 biliyoni zidatayika m'miyezi 6 yokha, ndipo zina mwa zolipira zachinyengo zinkafufutidwa mu sisitimu ndalama zitatuluka. Makope a masiku osiyanasiyana, osungidwa kumene wofufutayo sangafike, amapatsa ofufuza mwayi woyerekeza mabuku a dzulo ndi a lero. Pa chifukwa chomwechi, wogwira ntchito aliyense ayenera kukhala ndi dzina ndi pasiwedi yakeyake, ndi kutuluka mu sisitimu akamachoka pa desiki. Kompyuta yosiyidwa yotsegula imachedwetsa kope, komanso imalola wina kulemba zinthu m'dzina la mwini wake.

Zimene anthu a m'mawodi angachite

Chitetezo choyamba cha wolipira ndi lisiti. Lisiti lovomerezeka la khonsolo, lokhala ndi nambala, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, liyenera kusungidwa pamalo ouma kwa zaka, ndipo amene ali ndi foni yojambula achita bwino kulijambula tsiku lomwelo. Zolembedwa za pa kompyuta zikatayika, malisiti a anthu ndi amene amathandiza kubwezeretsa zimene zidachitika chitengereni kope lomaliza.

Sisitimu ikakhala yotseka, munthu asasiye ndalama kwa wina aliyense pa lonjezo lakuti adzatenge lisiti tsiku lina. N'kwabwino kudikira, kapena kubwerera ndi ndalamazo n'kudzabweranso. Sisitimu ikatsekeka malipiro ali m'kati, wolipira adikire kuti itsegulidwe, ndipo kalaliki aone ngati malipirowo adalowa asanalembenso, kuopa kulemba kawiri kapena kusalemba n'komwe. Amene wauzidwa kuti ali ndi ngongole imene adabweza kale apite ndi lisiti lake ku ofesi ya zachuma, ndipo ngati sadathandizidwe akaonane ndi khansala wa wodi yake.

Ochokera kutali angapewe ulendo wachabe pofunsa kaye kwa khansala, kwa wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'dera, kapena poimba foni ku ofesi, makamaka kumapeto kwa mwezi ndi m'masiku otseka chaka cha chuma. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera nawonso ali ndi phunziro lawo. Mndandanda wa opindula, mabuku a ndalama za mjigo ndi malipoti a zitukuko zikhale ndi kope lachiwiri losungidwa ku nyumba ina, ndipo likoperedwe pa nthawi imene palibe wolipira kapena wotenga ndalama.

Makhansala, amene amayang'anira kayendetsedwe ka khonsolo m'malo mwa anthu amene adawasankha, sayenera kukhala akatswiri a makompyuta kuti atsatire nkhaniyi. Mafunso atatu ndi okwanira pa msonkhano wa komiti ya zachuma: kope lomaliza lidatengedwa liti, likusungidwa kuti, ndipo ndi liti pamene lidayesedwa komaliza. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limalolanso nzika iliyonse kufunsa mmene zinthu za boma zikuyendetsedwera. Mayankho a mafunso atatuwa akakhala omveka ndiponso olembedwa m'maminitsi, wamalonda wa pamsika, kontirakitala wa mlatho ndi agogo olandira Mtukula Pakhomo angakhale ndi chikhulupiriro kuti maina awo ndi ndalama zawo zidzapezekabe m'mabuku ngakhale makina atafa.